Ka Glanza kanga kafa silinda imodzi nditakweza boost, ndikamange bwanji kuti kazikoka kwambiri?

Uthengawu watumiza ndi mnyamata wina wa ku Lizulu, ndaufupikitsa pang'ono chifukwa unali wautali:

"Madala, ndili ndi ka Starlet Glanza ka 1997, ndinagula kwa mkulu wina ku Lilongwe chaka chatha. Kanabwera kale ndi ekizozi yayikulu komanso air filter ija yooneka ngati fanulo. Anzanga anandiikira ka valavu kokwezera boost ndi ka bokosi koletsa fuel cut, geji inkafika 1 bar ndipo kuno kumtunda kanayenda bhobho miyezi inayi popanda vuto. Mu October tinatsika Khwekhwerere kupita kunyanja tili anayi, petulo tinathira wa m'chigubu poti pa filling panali pouma. Titadutsa Golomoti ndinaponda moto pa giya 4 mpaka 5, ndinamva ngati wina akugwedeza misomali m'chitini, kenako mphamvu zinangotha. Pano kakufuka utsi wa buluu ndipo ukatsegula pothirira oyilo kakupuma ngati sitima. Compression tayeza yapezeka 140, 138, 85, 140. Makaniko wina akuti ndi gasiketi, wina akuti ndingogula injini ina. Ine ndikufuna ndikamange kafike 200 horsepower. Ndiyambire pati?"

Achimwene, mtima pansi kaye. Injini imeneyo siinafe, yangovulala, ndipo mmene mwafotokozeramu ndikuona ngati ndaionapo kale kambirimbiri pa garaja panga pano pa Dedza. Silinda zitatu zomwe zikuwerenga pafupifupi mofanana zikundiuza kuti buloko ndi hedi zikadali ndi moyo. Komanso 140 asakuopsezeni kuti ndi yochepa, kuno tili pamwamba pafupifupi mamita 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndiye geji ya compression imawerenga motsika kusiyana ndi zomwe mabuku amalemba poyezera kugombe la nyanja yamchere. Chimene timayang'ana ife ndi kusiyana kwa silinda ndi inzake, zikasiyana kupitirira 10 peresenti ndiye kuti pali nkhani. Yanuyo nambala 3 yagwa kwambiri.

Za gasiketi ine ndakana. Gasiketi ikapsa nthawi zambiri mumaona madzi akutha mu radiyeta, kapena kuwira, kapena oyilo kusanduka ngati tiyi wamkaka, kapena silinda ziwiri zoyandikana kugwera limodzi. Inu mukunena za utsi wa buluu ndi kupuma pothirira oyilo, pamenepo ndiye kuti moto wa mu silinda ukudutsa m'mbali mwa pisitoni kulowa pansi ku sampu. Musanamasule kalikonse panganiko ichi, sichidya ndalama: chotsani pulagi ya nambala 3, thiranimo oyilo ka supuni kamodzi, yezaninso. Nambala ikadumpha kukwera ndiye kuti vuto ndi maring'i kapena pisitoni, ikangokhala pomwepo ndiye tiziganizira mavalavu kapena gasiketi ija. Ine ndikhoza kubetcha thumba la mbatata kuti mukatsegula mupeza ka khoma kakang'ono kamene kamakhala pakati pa maring'i kathyoka, azungu amati ringland. Mukasolola pisitoniyo tizidutswa timangogwera m'manja ngati chikonda moyo chouma.

Tsopano funso lenileni limene simunafunse koma ndi limene lingakupulumutseni ndalama ndi lakuti chinathyola pisitoniyo ndi chani. Chifukwa mukapanda kulimvetsa limeneli, olo mugule mapisitoni odula bwanji, mudzabweranso kudzandifunsa zomwezi.

Phokoso munamva lija la misomali m'chitini ndi limene linapha. Timati ku pinka, ena amati detonation. Mu injini yabwinobwino pulagi ikathetheka moto umayenda mwadongosolo kukankha pisitoni pansi, koma mu silinda mukatentha kwambiri, kapena mafuta akachepa poyerekeza ndi mpweya, kapena petulo akakhala wofooka, chisakanizo chotsala m'mbalimo chimaphulika chokha nthawi imodzi ndipo chimamenya pisitoni ngati hamala. Pa injini ya turbo masekondi ochepa chabe ndi okwana kuswa pisitoni. Anthu ambiri amaganiza kuti injini imafa chifukwa zitsulo zake ndi zofooka, ayi, zambiri zimene ndatsegulapo ine zinafa ndi njala ya mafuta komanso kutentha.

Ndiye taonani mmene zinakukonzerani msampha. Injini yanuyo ndi 4E-FTE, 1,331 cc, Toyota anaipanga kuti izitulutsa 135 horsepower, ndipo boost yake yochokera ku fakitale, kutanthauza mpweya umene turbo imakankhira mu injini, ikafika pamwamba ndi pafupifupi 0.65 bar basi. Kompyuta yake ili ndi chitetezo, ikaona kuti boost yapitirira malire amene iyo ikudziwa kuthira mafuta okwanira, imadula mafuta kuti inu mudzidzimuke muchotse phazi. Fuel cut ndi imeneyo, si matenda ayi, ndi mlonda. Ka bokosi anakuikirani anzanu kaja ntchito yake ndi kunamiza kompyuta, kuiuza kuti boost ikadali pansi pomwe yakwera. Ndiye turbo ikupopa mpweya wambiri, kompyuta ikuthira mafuta a mpweya wochepa, mwachotsa mlonda pakhomo kenako mwagona chitseko chili pululu.

Mufunsa kuti nanga bwanji kanayenda miyezi inayi osafa? Apa ndi pamene anyamata ambiri a kuno kumtunda amapusitsidwa, ndiye mvetsetsani. Geji ya boost ya pa dashibodi ija imayeza mpweya umene turbo yawonjezera pamwamba pa mpweya wa kunja. Koma injini imamva zonse pamodzi, wa kunja kuphatikiza wa turbo. Kuno ku Dedza ndi Lizulu mpweya wa kunja umakanikiza pafupifupi 0.84 bar, kunyanja komwe kuli pansi pafupi mamita 500 umakanikiza pafupifupi 0.96 bar. Ndiye 1 bar ya pa geji muli kuno ndi 1.84 mkati mwa injini, 1 bar yomweyo muli ku Golomoti yayandikira 1.96. Geji sinasinthe, inu mukuona ngati zonse zili chimodzimodzi, koma injini ikumeza mpweya wochuluka kuposa kale pomwe mafuta atsekeredwa pamalo amodzi ndi ka bokosi kaja. Onjezerani kutentha kwa October kwa kuchigwa kuja, intercooler ya Glanza, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, imene imakhala pamwamba pa injini penipeni yatenthedwa kale potsika phiri pang'onopang'ono, anthu anayi m'galimoto, giya 5 phazi pansi nthawi yayitali, ndi petulo wa m'chigubu amene palibe akudziwa kuti anasakaniza ndi chani. Kuno kozizira kankangopulumukira pa kaphuno ka singano. Mwaziphatikiza zonse tsiku limodzi.

Za petulo wa m'zigubu ndinenepo pang'ono poti tonse timagula ikavuta, inenso ndimagula, sindinama. Mu Corolla yoyendera tsiku ndi tsiku mukhoza kudutsa nazo. Mu injini ya turbo, mukathira ameneyo yendani ngati mwanyamula mazira, boost osaiyandikira mpaka tanki imeneyo ithe. Wina akathiramo palafini pang'ono kuti achulukitse, octane imagwa, ndipo octane ndi imene imapangitsa petulo kupirira osaphulika yekha. Komanso dziwani kuti petulo wa pa filling kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol ali ndi ubwino wake, amapirira ku pinka, koma amafuna kuthiridwa wambiri kuti moto ukwane, petulo weniweni amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta pomwe ethanol amafuna 9 okha. Ndiye galimoto imene ili kale m'malire ndi mafuta, ethanol amaikankhira ku njala kwambiri, komanso amadya mapaipi a labala akalekale ndi kutsuka dzimbiri la mu tanki kukatseka sefa. Galimoto yanu yadutsa zaka 25, musaiwale zimenezo.

Tibwere ku kugula injini ina. Ine sindikulimbikitsani. Glanza anasiya kupanga mu 1999, ndiye 4E-FTE iliyonse mungaipeze ndi nkhalamba ngati yanu yomweyo, ndipo magalimoto amenewa sankagula ndi agogo opita ku tchalitchi, ankagula anyamata othamanga. Mukhoza kulipira ndalama zambiri n'kulandira matenda a mwini wake. Choopsa china, pa msika wa ma spare akhoza kukugulitsani 4E-FE, ya Starlet wamba, n'kumati ndi yomweyo ingomangiranipo turbo. Kunja zimafanana ndithu koma mkati ayi, 4E-FE imapanikiza mpweya mu silinda kwambiri, compression ratio yake ndi 9.6 pomwe ya turbo ndi 8.2, mapisitoni ndi osiyana. Mukaipatsa 1 bar imeneyo siifika ndi pa Bembeke pomwe. Yanu mukuidziwa mbiri yake, mangani yomweyo.

Pomanga ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Choyamba malo. Injini simangira pansi pa mtengo wa mango mphepo ya August ikuwuluza fumbi, pezani chipinda chotseka, konkhani madzi pansi, yalani makatoni oyera. Mukamasula chilichonse chilembeni nambala, ma cap a ma bearing abwerere pomwe anachoka komanso kuloza komwe ankaloza, osasinthanitsa. Buloko, crankshaft ndi hedi zipite ku engineering ku Lilongwe kapena ku Blantyre zikayezedwe ndi micrometer, osati ndi chala ndi diso. Bore ya injiniyi, kukula kwa bowo la silinda, ndi 74 mm. Silinda 3 ikapezeka kuti yakalika moti chikhadabo chikukodwa, ndiye kuti zonse zinayi zibooledwe kuti zikule pang'ono kupita pa oversize ya 0.50 mm, ndipo mapisitoni mugule kaye muwapititse limodzi ndi buloko kuti aboole molingana ndi pisitoni iliyonse. Osabooletsa kaye kenako n'kumakasaka mapisitoni, ambiri amalakwitsa pamenepa. Ikapezeka yosalala ndipo muyezo uli mkati, honing yokha, kukwecha khoma la silinda pang'ono kuti maring'i atsopano akhazikike, ndi yokwana.

Hedi aiyeze ngati yapindika ndi rula yachitsulo ndi feeler gauge, Toyota amalola 0.05 mm basi. Koma musalole kuti aipale mwachizolowezi chabe poti yabwera. Kupala hedi kumakweza compression, ndipo pa injini ya turbo imene yavulala kale ndi ku pinka, kukweza compression ndi kuthira petulo pamoto. Ngati ili yowongoka isiyeni, ngati yapindika apale kochepetsetsa kamene kangatheke ndipo akuuzeni kuti achotsa zingati.

Buloko ikabwera ku engineering musaikhulupirire kuti ndi yoyera olo iwale bwanji. Honing imasiya mchenga wosaoneka m'timizere ta silinda, ndipo petulo kapena palafini sachotsa mchenga umenewo, amangousuntha. Madzi otentha, sopo wa ufa ndi burashi, kutsuka mpaka mutapukuta ndi kansalu koyera kopaka oyilo katuluke koyera. Ndinaphunzira movutika ine zimenezi, kalekale ndikadali wophunzira ntchito ndinamanga injini ya bwana wina bwinobwino koma ndinachita ulesi potsuka, patangotha milungu itatu inabwerera ikudya oyilo, titatsegula maring'i atsopano aja atatha ngati ayenda zaka khumi, ma bearing ali mizeremizere. Ndinagwira ntchito mwezi wathunthu osalandira kanthu. Tsukaninso tinjira tonse ta oyilo, paipi yopititsa oyilo ku turbo, sampu ndi sefa ya pampu, intercooler ndi mapaipi ake omwe, chifukwa tizidutswa ta pisitoni yothyoka ija tili penapake ndipo tikudikira.

Maring'i musangowatulutsa m'paketi n'kuveka. Tengani ring'i iliyonse, ilowetseni mu silinda yake, ikankhireni pansi pang'ono ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, ndiye yezani mpata umene watsala pakati pa nsonga ziwirizo. Ring'i ikatentha imatalika, mpata ukachepa nsonga zimagundana, ring'i imasowa kopita n'kukanikiza khoma la pisitoni mpaka kulithyola, ringland ija yomweyo. Pa bore ya 74 mm ya turbo ine ring'i yapamwamba ndimaisiyira pakati pa 0.35 ndi 0.40 mm, yachiwiri mokulirapo pang'ono, koma pepala lobwera ndi mapisitoni anu likanena zina tsatirani pepalalo. Ikachepa mumapala ndi ka fayilo kosalala mbali imodzi, pang'onopang'ono, kuyeza, kupalanso. Ndi ntchito yotopetsa ya theka la tsiku ndipo amakaniko ambiri amaidumpha. Ma bearing nawo yezani ndi plastigauge, ndi ka ulusi ka pulasitiki kamene mumagoneka pa crank, kumanga cap ndi torque wrench, kumasula, n'kuona mmene kaphwatalalira. Ndi kotchipa koma kamakuuzani zoona. Ma bolt a hedi amangidwe ndi torque wrench kuyambira pakati kupita kunja motsatira buku, makaniko amene akuti dzanja lake ndi torque wrench mutsanzikeni mwaulemu. Timing belt, water pump, ma seal onse ndi thermostat ikani zatsopano injini ikadali pansi.

Thermostat ndaitchula dala. Chizolowezi chathu chochotsa thermostat n'kutaya ati galimoto za ku Japan zinapangidwira kozizira, chimenecho chisiyeni. M'mawa wa June kuno ku Dedza injini yopanda thermostat siifika pa kutentha kwake, kompyuta imangothira mafuta ambiri kuganiza kuti ikadali yozizira, petulo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, maring'i anu atsopano aja n'kumatha. Mu radiyeta thirani coolant, osati madzi a pa mjigo, ndipo chivindikiro chake chikhale chatsopano chifukwa kuno kumtunda madzi amawira msanga, pa 95 digiri awira kale ngati chivindikiro sichikugwira.

Tsopano 200 horsepower yanu ija. Ndiyankha mosabisa, ndi yotheka, anthu amafikitsa ngakhale kupitirira, koma si pisitoni imene imabweretsa mphamvu. Pisitoni ya forged, yosulidwa kuti ilimbe, ndi ma conrod olimba, mikono yolumikiza pisitoni ndi crank, amangopirira nkhanza zochuluka, mphamvu imachokera ku mpweya, mafuta ndi nthawi imene pulagi ikuthetheka. Ka turbo kanu ka CT9 ndi kakang'ono, kamadzuka msanga n'chifukwa kamakoma m'tauni, koma kakayandikira 1 bar kafika pamapeto, kupitirira apo kamangopopa mpweya wotentha, ndipo kuno kumtunda kamazungulira kwambiri kuposa kunyanja kuti kafikitse boost yomweyo. Ndi CT9 200 muiwale. Ambiri amene amafuna nambala imeneyo amaika turbo yokulirapo, TD04 ya Subaru Impreza, koma ikabwera imeneyo imabwera ndi abale ake, manifold ina, downpipe ina, mapaipi a oyilo ena, intercooler ya kutsogolo, pampu ya mafuta yayikulu ngati Walbro 255, ma injector chifukwa a fakitale a 295 cc amakhala ali kumapeto, kilatchi yolimba chifukwa yanuyo iyamba kutsetsereka sabata yoyamba, ndi kompyuta yotheka kuichuna. Walira mvula walira matope. Ndipo zambiri mwa zimenezi ndi zoitanitsa ku Johannesburg kapena ku Japan, ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu muwerengere bwino, galimoto zambiri zimene ndimaziona zitakhala pa mathanthwe chaka chonse ndi za anthu amene anayamba ulendo umenewu ndalama n'kuthera panjira. Pampu za Walbro zafeki nazo zadzadza, yotchipa modabwitsa ikayikireni.

Ena adzakuuzani za kuika buloko ya injini ya 5E ya malita 1.5 pansi pa hedi yanuyo. Imatheka, bore ndi yofanana, stroke, ulendo wa pisitoni kukwera ndi kutsika, ndi yayitali ndiye imakoka bwino pansi. Koma kwa munthu amene akumanga koyamba ndi kuwonjezera mavuto, siyani kaye.

Mukanakhala mng'ono wanga ndikanakuuzani chonchi. Mangani injini ndi mapisitoni abwino a 4E-FTE, forged ngati thumba likulola koma si zokakamiza, ka bokosi konamiza kompyuta kaja mukataye kutali, boost ibwerere ya fakitale. Ndalama yoyamba ya mphamvu ipite ku wideband, ka geji kamene kamayeza utsi n'kukuuzani kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta pamene mukuyendetsa. Mukaponda moto boost ili pamwamba iziwerenga pakati pa 11.5 ndi 12, mukaona 13 kapena kupitirira ndiye kuti mafuta achepa, chotsani phazi pompo. Kenako pampu ya mafuta ndi sefa yatsopano, ma injector akatsukidwe ndi kuyezedwa kuti onse anayi akuthira mofanana, makamaka wa nambala 3 ameneyo ndikumukayikira, intercooler ipite kutsogolo kwa radiyeta komwe kuli mphepo, mapulagi a NGK nambala 7 omwe ndi ozizirirapo kuposa 6, mpata wake 0.7 kapena 0.8 mm. Manifold ya ekizozi ya fakitale ija muiyang'anitsitse, imakonda kung'aluka, komanso njira ya silinda 3 ndi yopanikizika ndiye imasunga kutentha, si mwangozi kuti imene yafa ndi nambala 3. Zikatha zimenezi ndi pamene mubweretse kompyuta yochunika, kaya ndi e-Manage yogwira limodzi ndi ya fakitale, kaya za ku South Africa monga Dicktator kapena Spitronics zimene zimalowa m'malo mwake, ndiye boost muzikweza pang'onopang'ono mafuta akutsatira. Ndi CT9 yomweyo pa 0.9 bar yochunidwa bwino, ka galimoto kosafika ndi tani imodzi, ndikukuuzani mudzachita mantha nokha musanafike pa 200 paja.

Air filter ya fanulo ija ili pati? Ngati yangolendewera pafupi ndi turbo ikuyamwa mpweya wotentha, phokoso lokha ndi limene mukupindula. Ndipo zotchipa zija fumbi limangodutsa, ndi misewu yathu yolowa kumidzi kokatenga katundu, fumbi limenelo limadya mapiko a turbo ndi maring'i. Itchingireni ku kutentha ipeze mpweya wa kunja, apo ayi bwezerani bokosi la fakitale ndi sefa yabwino.

Timing, nthawi imene pulagi imathetheka, musalole munthu aichune ndi khutu. Pali amakaniko amene amapotoza distributor mpaka injini imveke yachangu n'kumati ndakuwonjezerani mphamvu, pa turbo imeneyo ndi imfa. Mulumikize ndi kawaya timabowo tolembedwa TE1 ndi E1 pa ka bokosi ka diagnosis, timing light m'manja, 10 digiri, mumange, basi.

Kuchuna kwenikweni kuja si ntchito yopanga nokha ndi foni m'manja mukuonera YouTube, pamenepo funani munthu amene wachunapo injini za turbo ndipo akuonetseni galimoto zimene anachuna zikuyendabe. Mukamachunira pamsewu mukhale awiri, wina akuyendetsa wina ali pa laputopu ndi wideband, komanso mumvetsere injini. Ife timapanga chomvera chathu, ka paipi ka kopa kophwanyidwa nsonga n'kumangirira ndi bolt pa buloko, kulumikiza ku paipi ya pulasitiki yolowa m'galimoto mpaka ku zotseka m'makutu zija za m'fakitale. Imaoneka ngati nthabwala koma ku pinka kumamveka bwinobwino kusanafike pomveka ndi khutu wamba, kumamveka ngati mchenga ukuwazidwa pa lata. Ndipo chonde, musachunire kuno kozizira kokha n'kumati zatheka. Tsikani nayo kuchigwa masana kukutentha mukaone wideband ikuti chani kumeneko, ichunidwe kuti ipirire tsiku loipitsitsa, kuno kumtunda idzakhala ikupuma bwino yokha.

Injini yatsopano isaone boost makilomita 1,000 oyamba. Musanailize koyamba zungulitsani ndi sitata mapulagi atachotsedwa mpaka nyali ya oyilo izime. Oyilo wamba wa mineral, osati synthetic, kuti maring'i akhazikike, osaisiya ikungolira pamalo amodzi maola, yendani nayo mukusinthasintha magiya, zitunda ndi zitsetso za pakati pa Dedza ndi Ntcheu ndi zabwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Oyilo woyamba ndi sefa yake mutaye msanga, olo pa makilomita 100, muyang'ane ngati muli tonyezimira. Mukafika komwe mukupita mutathamanga isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse kuti turbo izizire. Nyali ya oyilo ikaphethira, kapena mukamva kugogoda kwa pansi, kapena geji ya kutentha ikadutsa pakati, zimitsani pomwepo muitane makaniko, osati ndingofika nayo kunyumba.

Mabuleki, ma shock ndi matayala zikonzedwe mphamvu isanabwere, brake fluid yatsopano makamaka, munthu amene amatsika Khwekhwerere sindikuyenera kumuuza chifukwa chake. Ndipo inu mumakhala pa Lizulu mukudziwa mmene pamakhalira tsiku la msika, amayi ndi madengu a tomato m'mphepete mwa tala, akabaza, ana kuwoloka osayang'ana, malole a kabichi atayima theka mumsewu, M1 si malo oyesera boost. Mukasintha buloko nambala ya injini imasintha, ndiye mukakonzetse mapepala ku Road Traffic kuti blue book igwirizane ndi galimoto, apo ayi mudzavutika pa COF kapena pogulitsa, a inshuwalansi nawo auzeni zimene mwasintha.

Pakadali pano galimotoyo musaiyendetsenso olo kupita pa msika pompo, chidutswa chimodzi chikamasuka chikala silinda mpaka oversize osakwana, kapena chidutsa pa valavu kukaswa turbo. Pangani kaye test ya oyilo ija, kenako chotsani hedi ndi sampu, sololani mapisitoni onse anayi osati nambala 3 yokha, muwajambule pamwamba ndi m'mbali pamodzi ndi mapulagi ake mutawandandalika 1 mpaka 4, munditumizire. Pa mutu wa pisitoni ndikufuna ndione ngati pali timabowo tating'onoting'ono ngati panjoledwa ndi nkhuku, tikapezeka pa onse anayi ndiye kuti njala ya mafuta inali ya injini yonse ndipo tiyambira ku pampu, tikapezeka pa nambala 3 yokha tiyambira ku injector yake ndi manifold.